Chaka Chimene Sindinakhudze Mchere

Amayi anzanga, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Mundikhululukire kuti ndagwira pepala. Amayi abusa anandiuza kuti umboni umachokera mumtima, osati m'kope, koma ine ndikangoti ndiyankhule pamtima mawu amandithawa. Ndiye ndalemba. Pena ndikaima musadabwe, ndipitiriza.

Ambiri mumandidziwa kuti make Marita, mkazi wa a Zuze, kapitawo wa odula nzimbe ku esiteti. Ena mumanditchabe aphunzitsi ngakhale kalasi ndilibe. Koma pali dzina lina limene linkanditsatira ndikadutsa pa mjigo, ndipo ndinkalimva ndithu: uja anadula mwana wake. Lero ndabwera kudzayankhula za dzina limenelo, chifukwa ndikudziwa kuti pamphasa pano pali wina amene akudzifunsa funso limene linatsala pang'ono kundimeza: kodi ine ndinabadwiranji?

Ndinakulira m'munda wa thonje. Bambo anga ankati, "Khasu latimaliza ife, iwe ugwire cholembera." Ndinagwira. Ndinapita ku koleji ya aphunzitsi, ndinabwerako ndi satifiketi, ndinaiika m'felemu n'kuikoleka moyang'anizana ndi chitseko kuti wolowa aliyense ayambe waipatsa moni. Mukadandifunsa masiku amenewo kuti Mulungu analengeranji munthu, ndikadakuyankhani mosaphethira kuti anamulenga kuti amudziwe, amukonde, amutumikire. Ndinkaphunzitsa zimenezo ku Sitandade 4, mwana akalemba bwino ndinkachonga ndi cholembera chofiira. Koma yankho la mumtima mwanga linali lija lopachika pakhoma. Ndinabadwira kuti ndisakhale ngati amayi anga, basi.

Mwana wathu woyamba anali Yoswa. Atatsala pang'ono kukwanitsa chaka, pa holide, tinapita kwa apongozi anga kwa Lundu. Tsiku lina ndikuphika mlamba, apongozi anabwera n'kuima pakhomo la khitchini.

"Make Yoswa, paja mwati muli kumwezi? Siyani, mchere ndithira ndine."

Mwambowo nonse mukuudziwa. Mkazi akakhala m'masiku amenewo sathira mchere m'ndiwo, amapempha wina, kuopa kudula amene adye: atupa miyendo, afota, afa. Ine ndinaseka. Ndinaseka ndithu, pamaso pa mayi wobala mwamuna wanga.

"Amayi, mchere ndi mchere. Ku koleji tinkaphika tokha atsikana tonse, palibe anatupa."

Ndinatapa ndi dzanja n'kuthira iwo akuona. Anangotenga mbale yawo n'kukadyera masamba otsala dzulo. Yoswa ndinamudyetsa msuzi wa mlamba uja, anadya mpaka kunyambita zala.

Patapita miyezi itatu ndinaima. Apa ndiye aliyense ananena chimodzimodzi, kwathu ndi kuchimuna komwe: mkaka wa mayi woyembekezera ndi woipa, mwana aleke bere lero lomwe. Mwambo umenewu sindinauseke. Unandikomera, chifukwa ndinali wotopa, sukulu inali itatsegulidwa, makope akundidikira. Ndinapaka tsabola kubere, mwana analira masiku atatu, kenaka ndinamutumiza kwa agogo ake kwa Lundu. Chaka chimenecho madzi anali atakokolola madimba. Mwana ankangomwa phala lamadzimadzi la mapira, m'mawa ndi madzulo.

Nditapita kukamuona ndinapeza masaya akulu, ndinati wanenepa. Apongozi anangomugwira phazi, n'kudinikiza ndi chala chachikulu. Atachotsa chala, dzenje linatsala. Anandiyang'ana. Sanatchule za mchere, koma ndinamva.

Yoswa anamwalira tili m'njira yopita kuchipatala, ali pamsana panga. Ndinamva kulemera kwake kukusintha.

Pamaliro akuluakulu anakhala pansi, nkhani ya mlamba uja inatuluka. Ine ndinayankha mwa sukulu, ndinati ndi matenda osowa zakudya m'thupi. Azakhali a amuna anga anati, "Aphunzitsi, ife sitinapite ku koleji, koma amene anathira mchere tikumudziwa." A Zuze anangowerama. Pakamwa panga pankakana, amayi anzanga, koma mkati ndinali nditavomera kale. Ndinkaona dzanja langa likutapa, ndinkamva kuseka kwanga kuja. Kuyambira tsiku limenelo sindinakhudzenso mchere. Kaya ndili bwino kaya sindili bwino, ndinkaphika ndiwo zosalawika, a Zuze ankathira okha m'mbale mwawo. Chitini cha mchere ndinkachilambalala ngati muli mphiri.

Marita anabadwa patapita miyezi iwiri. Zotsatira ndinene mwachangu, chifukwa nazonso zinachitika mwachangu. Mnzanga wina anati uchema, mowa wa mgwalangwa uja, umatulutsa mkaka komanso umagonetsa mtima. Ndinayamba ndi kapu imodzi. Uchema utasanduka madzi pakhosi panga ndinapita ku kachasu. Ndinkamuthira m'botolo la mankhwala a chifuwa n'kuika m'chikwama cha makope. Tsiku lina ndikuitana mayina m'kalasi ndinaitana kuti Yoswa, ana n'kumayang'anana. Tsiku lina tikuphunzitsa ana nyimbo zolandirira Mtsogoleri wa dziko, ine amene ndinkayambitsa nyimbo ndinagwa chagada pabwalo. Inu mukudziwa kuti pa zinthu zimenezo sipaseweredwa. A hedimasitala anandikokera mosungira mabuku, n'kuuza aliyense kuti ndi malungo. Mulungu awadalitse bambo amenewo. Koma woyendera sukulu atabwera sanathe kundibisa. Anandipeza ndikuphunzitsa za magulu atatu a zakudya. Ndinalemba pabolodi kuti zakudya zokulitsa, ndinalemba nsomba, mazira, nyemba, ndipo choko chinandigwa m'manja, ndinakhala pansi pa simenti n'kuyamba kulira, fungo la kachasu lili thoo kalasi lonse. Sabata yotsatira kalata yondiimitsa ntchito inafika.

Ndinasiya kubwera kuno kutchalitchi. Ndikamva belu ndinkatseka zenera. A Zuze ankalawirira ku nzimbe, kubwera atada ndi mwaye, kusamba, kudya, chete. M'nyumba mwathu munkayankhula wailesi yokha. Mkaka unauma, Marita ndinkangomupatsa phala loyera lamadzimadzi, nthawi zina kuiwala kumene. Satifiketi ija inali pakhoma pomwepo ikundiyang'ana. Ndinkaifunsa kuti, tsono iwe unandipindulira chiyani? Ndinkafunsanso Mulungu: Yoswa munamulengeranji, kuti adzangokhala chaka ndi miyezi isanu ndi inayi? Nanga ine munandilengera kuti ndizikwirira ana?

Tsono linafika tsiku lija. Unali mwezi wa Okutobala, kutentha kuja koti nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. M'mawa ndikumusambitsa Marita ndinaona tsitsi lake lafiira, lapyapyala. Ndinamugwira phazi, n'kudinikiza ndi chala chachikulu. Ndinachotsa chala.

Dzenje linatsala.

Amayi anzanga, sindinalire. Ndinangoti, chaka chathunthu sindinakhudze mchere, koma uyunso ndamudula. Ndiye kuti vuto si mchere, vuto ndine. Mwana ameneyu akakhala ndi ine afa, akaleredwa ndi wina mwina apulumuka. Maganizo amenewo anabwera mwaulemu ngati mlendo wabwino, ndipo ndinkaona ngati kwa nthawi yoyamba ndaganiza za nzeru. Ndinamuveka Marita diresi lake labwino, ndinatenga khadi lake la kusikelo n'kulipinda m'nsalu yoberekera, ndinauyamba ulendo wa kudooko, kudambo kuja asodzi amakocheza mabwato. Kumunsi kwa dooko limenelo kuli malo amene ngakhale ng'ombe samwetsako chifukwa cha ng'ona. Ndi kumene ndinkapita. Pachipata cha msika wa nsomba anyamata olondera anandifunsa khadi la chipani monga mwa masiku onse, ndinaonetsa. Mmodzi anaseka, "Nanga la abwana ali kumbuyowa?" Inenso ndinaseka nawo. Munthu amatha kuseka ali pa ulendo wotere, muzidziwa zimenezo.

Dzuwa linali paliwombo. Pansi pa mgwalangwa panali mayi wina wachikulire pang'ono akutumbula nsomba za makakana zoti awambe, kampoto kake ka ndiwo kali pamoto pambali. Ndinkamudziwa pankhope chabe. Anali mayi Rozina, mmodzi wa anthu othawa nkhondo ku Mozambiki amene analowera ku Nsanje n'kudzakhazikika kudambo. Ndinamusankha dala chifukwa sanali wakwathu, sakadandifunsa zambiri.

"Amayi, tandigwirirani mwanayu, ndikasambe kumunsiku."

Anapukuta manja, n'kumulandira. Pomulandirapo khadi la kusikelo linagwa pansi. Analitola, analitembenuza uku ndi uku. Kuwerenga sankatha, koma khadi limenelo palibe mayi amene salidziwa. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Sopo ali kuti?"

Ndinati ndangofuna kudzithira madzi.

"Nsalu yosinthira ili kuti? Iwe, wokasamba amasiya mwana ndi khadi lake lomwe? Ndipo kumunsiko amasambako ndani? Nkhabe, ndakana. Khala pansi."

Ndinati ndikubwera pompano. Anandigwira mkono ndi dzanja la mamba a nsomba, ndipo mayi ameneyo anali ndi mphamvu ngati mwamuna wopalasa bwato.

"Ndati khala pansi, mwananga. Ng'ona sizithawa, zikudikira. Yamba wadya."

Ndinakhala. Anandibwezera mwana pamiyendo, iye n'kubwerera ku nsomba zake ngati palibe chachitika. Patapita kanthawi analoza ndi mpeni kachigoba kamene kanali pafupi ndi phazi langa.

"Manja anga ada. Tapa munyu umenewo uthire mumpotomo."

Ndinayang'ana m'kachigobamo. Unali mchere.

"Amayi, sindingathe."

"Uli kumwezi?"

"Ayi."

"Nanga dzanja lathyoka?"

Apo ndiye zonse zinatuluka. Ndinamuuza za mlamba wa kwa Lundu, za kuseka kwanga, za Yoswa, za kachasu, za dzenje la paphazi la Marita. Ndinkayankhula mamina ali chuchuchu, asodzi akutiyang'ana. Iye mpeni sunaime. Nditamaliza anaika nsomba pansi, anamugwira Marita phazi, n'kudinikiza, n'kuyang'ana.

"Mvera kuno, aphunzitsi. Ife pothawa tinakhala kuthengo miyezi, kudya nyika, timbatata ta m'dambo tija, ndi mizu. Munyu tikadautenga kuti? Panalibe wothira, panalibe wosathira, munyu kunalibe ndi kambewu komwe. Koma ana anatupa. Chimodzimodzi chonchi, tsitsi kufiira, phazi kusiya dzenje. Anga atatu ndinawakwirira m'njira ndi manja awa. Tsono undiuze iwe wa ku koleji: anga anawadula ndani?"

Zimene ananenazo ndinkazidziwa, ndinazilembapo pabolodi. Koma zinali zisanalowepo mumtima mpaka zitatuluka pakamwa pa mayi amene anakwirira atatu.

Ndinamufunsa motsitsa mawu, "Tsono inu mukukhaliranji ndi moyo? Mumadzukiranji m'mawa?"

Sanakwiye. Anaseka pang'ono. "Funso limenelo ndinafunsa mpaka linatha ngati nsalu. Katekisiti wakwathu ankatiuza za munthu wina wobadwa wosaona. Ophunzira a Yesu, anthu a sukulu ngati iwe, atamuona anayamba mlandu: walakwa ndani, iyeyu kapena makolo ake? Yesu mlanduwo anaukana. Anati munthuyu alipo kuti ntchito ya Mulungu ioneke pa iye. Kenaka anawerama n'kukanda matope. Waona? Ena ali kalikiliki kufuna wolakwa, Iye wagwira kale munthu."

"Koma amayi, ameneyo anachira. Yoswa sanachire."

"Anganso sanachire. Chifukwa chake sindikuchidziwa, ndikakafika ndikamufunsa maso ndi maso. Chimene ndikudziwa n'chakuti sindinadzilenge ndekha, tsono sindingadzichotse ndekha. Mwini wake akandidzutsa m'mawa ndiye kuti pali ntchito. Lero ndimati ntchito yanga ndi makakana, osadziwa kuti ndi iwe. Yako ili pamiyendo pakopo, ndipo ili ndi njala. Thira munyu."

Amayi anzanga, ndalembapo mayeso ambiri pa moyo wanga, koma palibe amene ananditulutsa thukuta ngati amenewo. Ndinatapa, mchere wina n'kutayikira paphulusa. Ndinathira. Mayi Rozina anatakasa, analawa, n'kuthokoza m'chiyankhulo chakwawo kuti, "Takhuta." Anasankha mnofu wopanda minga, anauphwanya mumsuzi, n'kundipatsa kuti ndimudyetse ndekha. Marita anayamba wakana, kenaka anatsegula kukamwa.

Mwana akudya, mayi uja anatulutsa m'dengu kanthu kokulunga m'pepala la pulasitiki. Linali Baibulo limene anapatsidwa kumsasa wa othawa nkhondo.

"Ndakhala nalo zaka ziwiri ngati mwala. Nkhani ya wosaonayo ili m'menemu? Tandipezera, ndimve ngati katekisiti uja sankatinamiza."

Ndinaipeza. Ndinawerenga mokweza, padooko, ntchentche zili ng'waa. Amayi ena awiri owamba nsomba anasendera pafupi. Nditamaliza wina anati, "Bwerezaninso, aphunzitsi." Dzina limenelo linali lisanandikomerepo chotero.

Masana omwewo mayi Rozina anasiya nsomba zake ndi anzake, anandiperekeza mpaka kumsewu, anaimitsa thirakitala, ndipo sanandisiye mpaka namwino atamulandira Marita. Tinagonekedwa mwezi ndi theka. Namwino anandiuza mosapsatira kuti Yoswa anaphedwa ndi kumuletsa bere mwadzidzidzi n'kumusiya pa phala lopanda kanthu, ndi kuti Marita anadwala chifukwa amake anali m'botolo. Zinandipweteka, koma linali bala loti lingathe kutsukidwa. Kulakwa ndinalakwa ndithu, kungoti si mlandu umene anandizenga. Mwambo wosapha ndinauseka, wakupha ndinaumvera. Ndinagwada pambali pa bedi lachitsulo n'kuuza Yesu zonsezo ndi mayina ake, osati za mchere ayi, koma kunyada, ulesi wa mtima, kachasu, ndi ulendo wa kumunsi kwa dooko. Ndinamupempha kuti moyo umene ndinkafuna kutaya autenge Iye, popeza ndi wake kale.

A Zuze ankabwera Lamulungu lililonse pa njinga. Zimene anandiuza pa benchi la chipatala ndi za ife awiri. Ndingoti nawonso anali atasenza mlandu wawo pa mwana yemweyo, n'chifukwa chake anawerama pamaliro paja. Chaka chonse tinali anthu awiri m'nyumba imodzi, aliyense akudziweruza payekha.

Tsono kwa iwe mnzanga amene uli pamene ndinali, ndikuuze zimene ndinachita, mwina zikuthandiza. Ndinauza amuna anga ndi amayi abusa za ulendo uja, mosabisa. Maganizo amenewo amanenepa ukawasunga wekha, ukawatchula amafota. Akakubwerera, usakhale wekha m'nyumba, pita pakhomo pa mnzako ngakhale ulibe chonena. Njira yodutsa kwa mayi wotcheza kachasu ndinaisiya, ndimazungulira kumjigo ngakhale kuli kutali. Sindinama pamaso pa Mulungu, ndinagwanso kamodzi, pa tsiku limene Yoswa akadakwanitsa zaka zinayi. M'mawa mwake ndinapita ndekha kukanena, amayi abusa sanandithamangitse, anandipatsa tiyi. Ndipo mwana akatupa, chonde, mlandu muziyamba mwausiya. Thamangani naye kuchipatala, za wolakwa mudzakamba mwana ali moyo.

Kalata yondibwezera ntchito sinabwerebe. Mwina ibwera, mwina ayi. Satifiketi ndinaitsitsa, ili m'sutikesi. Koma Lachitatu lililonse ndimapita kudooko, pansi pa mgwalangwa uja, kukawerengera amayi Mawu ndi kuwaphunzitsa zilembo pamchenga. Mayi Rozina tsopano amalemba dzina lawo, ngakhale Z amamutembenuza, ndipo ndikawakonza amati, "Iwe, Mulungu akuwerenga bwinobwino." Kale ndinkayesa kuti moyo ndi chinthu choti upambane kuti akupatse pepala. Lero ndikuona kuti tinapangidwa ndi Mwini wake, m'chifaniziro chake, kuti tikhale ake ndi kugwira munthu amene watiikira pamiyendo tsiku limenelo. Yoswa sanalembe mayeso alionse, sanagwire ntchito iliyonse, koma anali wa Mulungu tsiku lililonse la miyezi yake ija, ndipo ndi wakebe. Chifukwa chimene anapitira msanga sindikuchidziwa. Ndili pamzere umodzi ndi mayi Rozina, tikafunsa tikakafika.

Mantha sanathe, musandione kuima pano. M'mawa uliwonse ndikamamusambitsa Marita ndimamudinikizabe phazi. Iye amayesa masewera, amaseka n'kundidinikizanso langa. Uyo ali apoyo, akukoka mpango wa agogo ake.

Inde, apongozi anga ali pano. Abwera kuchokera kwa Lundu dzulo. Ndinapita kukagwada pakhomo pawo kupepesa chifukwa cha kuseka kuja, pakuti ngakhale mchere sunaphe mwana, chipongwe chinali chipongwe. Iwo analira, anati phala lija ankapereka ndi iwo, analibe china. Tinalira tonse mwana wathu, kwa nthawi yoyamba opanda woweruza.

Tikatuluka muno tidya pamodzi. Ndiwo zake ndi mlamba, ndipo ndinene poyera kuti aliyense amve: mchere ndathira ndine, ndi dzanja ili. Apongozi alawa kale kukhitchini. Anatafuna, kenaka anati, "Make Yoswa, wachepa. Onjezerani."

Ndaonjezera. Ambuye alemekezeke.